Pondakuwiri ndi Ngalande ya Mpweya

Padangokhala. Amene muli nane, nenani kuti tili tonse. Amene simufuna kundivomera chifukwa mumandidziwa, khalani chete, palibe mlandu, ine ndinenabe.

Pamjigo wina panali mwala umene amayi ankatsukirapo mphale. Mwala wotere mukauponda umaterera, inu n'kumati ndi litsiro chabe. Si litsiro chabe ayi. M'kutereramo muli mudzi, mudzi wa tizilombo tosaoneka ndi maso, timene a zaumoyo amati mabakiteriya. Tizilomboti timaluka tokha kachikopa konanda ngati ulimbo n'kumakhalamo mosanjikizana, tina pamwamba tina pansi. Mudzi wonsewo kuchindikala kwake sikufika pa chikhadabo.

M'mudzimo munali mitundu iwiri. A Pamwamba ankakhala kumene madzi amadutsa, ndipo moyo wawo unali mpweya, uja wa m'madzi umene nsomba nazo zimapuma, ana asukulu amati okosijeni. Ankaumeza tsiku lonse osatseka pakamwa. Kapitawo wawo anali Wefuwefu, ndipo dzinalo sanachite kubwereka. A Pansi ankakhala chogundana ndi mwala, ndipo kwa iwo mpweya womwewo unali chiphe. Ukawakhudza pang'ono ankatsokomola, ukachuluka ankauma gwa. Ntchito yawo inali yofulula. Madeya amene ankatsika ndi matsukwa anali olimba, a Pamwamba sankatha kuwatafuna, ankangowakankhira pansi. Kumeneko a Pansi ankawaphwanya, kuwaviika, n'kufulula mowa wowawasa umene unkadyetsa mudzi wonse. Mkulu wa ofulula anali mai Namatsukwa, ndipo mwamuna wake anali Chimera.

Pangano lawo linali lakalekale: a Pamwamba ameze mpweya wonse, usatsale wotsikira pansi, a Pansi afulule, mowa usasowe pamwamba. M'mawa uliwonse mjigo ukayamba kulira, Namatsukwa ankayambitsa nyimbo. Inali nyimbo yochedwa, ya mawu otsika, yongofunsa ngati denga lili lotseka. A Pamwamba ankavomera mothamanga, mawu ali oduladula ndi befu, kuti denga n'lotseka, ofulula afulule. Yankho likafika, ntchito inkayamba.

Pakati pa mitundu iwiriyi pankakhala Pondakuwiri. Iyeyu analengedwa mwina: mpweya ukakhalapo ankapuma ngati wa Pamwamba, ukasowa ankafulula pang'ono ngati wa Pansi, osafa uku, osafa uko. N'chifukwa chake anamuika kukhala mthenga, wokweza zipanda za mowa ndi kutsitsa madeya. M'mudzimo anabwera ndi madzi, wopanda wachibale. Anamutola ndi Chimera, namupatsa pogona, n'kumamutcha m'bale wake. Namatsukwa ankamuitana kuti alamu.

Koma malo a mthenga anali opapatiza ngati mphasa imodzi. Mpweya wofika pamenepo unali makombo, mowa unali wongonyambita m'chipanda. Ndipo Pondakuwiri anali atazindikira chinthu chimodzi m'thupi mwake: tsiku limene wapuma mpweya wambiri, kachakudya komweko kankamunenepetsa kakhumi. Tsono ankayang'ana pansi pamene madeya anaunjikana, n'kumalingalira kuti chakudya chili uko, mpweya uli uku, wanzeru ndi amene angazikumanitse iye n'kukhala pakati. Za eni ake a pansiwo, mtima wake unkazidumpha msanga ngati munthu wodumpha matope.

Tsiku lina anatula chipanda pamaso pa Wefuwefu n'kuusa moyo.

"Kwagwanji kunsiko, Pondakuwiri?"

"Palibe, akapitawo. Zimene ndimamva m'njira ndimazisiya m'njira."

"Nena msanga, ndili ndi mpweya woti ndimeze."

"Akuti inu si anthu, ndinu chivindikiro. Akuti mphika ndi iwo."

Wefuwefu anafuna kukalipa koma befu linamutsekereza. "Chivi... chivindikiro? Ine?"

"Ine ndinawauza kuti chivindikiro sichipuma. Anangoseka. Bwanji muwaonetse? Mawa nonse mutseke pakamwa, tione ngati mphika ungadzivindikire wokha."

M'mawa mwake Namatsukwa anayambitsa nyimbo yake, koma kumwamba kunali zii. A Pamwamba onse anali atafufumitsa masaya, pakamwa potseka. Mpweya unadutsa pakati pawo, unatsika, unafika pa mphasa ya Pondakuwiri, iye anaumwa mpaka kukhuta. Pang'ono unapitirira, ana a Pansi anayamba kutsokomola. Koma kunyanyala kupuma sikuchedwa. Woyamba kukomoka anali kapitawo yemwe. Atatsitsimuka anameza mpweya ngati wochokera ku chilala, anzake chimodzimodzi, ndipo denga linatsekeka kuposa kale.

Pondakuwiri atatsika, Namatsukwa anamufunsa, "Alamu, kumwambako kwatani lero? Nyimbo yanga sanaivomere."

"Chimfine, alamu. Onse mawu atha."

"Tengani chipanda ichi, cha pansi pa mbiya, mukawapatse. Chimatenthetsa pachifuwa."

Pondakuwiri anamwa yekha m'njira.

Patapita masiku anabwereranso kwa kapitawo ndi nkhani ina.

"Akapitawo, mtundu waukulu ngati wanu ulibe bwalo la gule? A Pansi akuti simuvina chifukwa mulibe chiuno."

"Chiuno tili nacho. Malo ndiwo tilibe."

"Sunthanani. Awa apite uku, awa apite uko, pakati pakhale bwalo. Ng'oma ndiimba ine."

Anasunthanadi. M'mawa Namatsukwa atayambitsa nyimbo yofunsa za denga, a Pamwamba anavomera mwamphamvu kuti n'lotseka, chifukwa aliyense ankayang'ana pakamwa pake, osati pabwalo. Mpweya unagwera pabwalopo ngati mvula pa denga lobooka. A Pansi anathawira m'mbali akutsokomola, mbiya ziwiri zinaonongeka, ndipo Pondakuwiri anadzitambasula pamalo amene anthu anathawapo.

Koma anali ataiwala chikhalidwe cha a Pamwamba: akakhuta amagawika pawiri. Amene anaima m'mphepete mwa bwalo anapeza mpweya wochuluka kuposa masiku onse, anakhuta, anagawika, ogawikawo anagawikanso. Pamene amayi ankamaliza kutsuka mphale, bwalo lonse linali litadzaza ana.

"Ana awa achokera kuti?" anafunsa Pondakuwiri, ng'oma ili m'khwapa.

"Ambiri ndi anga," anayankha Wefuwefu. "Ndinangoima pamphepete kudikira ng'oma, ndinapezeka ndili awiri."

Gule sanavinidwe n'komwe.

Tsiku lomwelo Chimera anakhala pansi ndi Pondakuwiri. "M'bale wanga, denga likudontha masiku ano. Iwe umayenda kumwambako. Ukaona choipa udzatiuza, eti?"

"Ndikapanda kuuza inu, achimwene, ndiuza ndani?"

Apa Pondakuwiri anali ataphunzira zinthu ziwiri. A Pamwamba sangasiye kupuma, ndipo bowo lililonse amalitseka ndi ana. Pankafunika bowo limene mwana wa Pamwamba sangakhalemo. Ankadziwa, poti katundu ankanyamula ndi iye, kuti a Pamwamba samamatira pa mankhusu a madeya, amangoterereka. Ngalande yoyala mankhusu m'mbali ikanakhala yotseguka mpaka kalekale. Koma kudula mankhusu ndi kusungunula ulimbo wa pansi ankatha ndi a Pansi okha. Ndiye kuti dzenje lawo ankayenera kukumba okha.

"Achimwene," anatero kwa Chimera, "msana wanga watha ndi zipanda. Njira ndi yokhotakhota, mowa umafika kumwamba utasukuluka. Bwanji tikumbe ngalande yowongoka, tiiyale mankhusu, mowa uzikwera wokha?"

"Nanga mpweya sudzatsikira momwemo?"

"Mowa ukamakwera, mpweya udutsa pati? Awiri sapatukirana m'njira ya mbewa. Komanso kumwambako ndisiya chotsekera."

Namatsukwa, amene ankatakasa mbiya chapafupi, anafunsa osatembenuka, "Makolo athu anali opusa posiya njira yokhota?"

"Makolo analibe mthenga wa msana wothyoka, alamu."

"Musiye mwana wa eni apumule," anatero Chimera. Iye anakhulupirira, chifukwa munthu amene unamuyalira mphasa sumufunsa kawiri.

Anakumba masiku atatu, Chimera kutsogolo, anthu ake pamzere pambuyo akupatsirana mankhusu. Pondakuwiri ankati akanyamula mankhusu ena n'kukwera nawo, amvekere akukapanga chotsekera. Chotsekera sanapange. Ankakumba mbali yake kuchokera kumwamba, n'kumaiyala bwinobwino, mpaka pakati pa ngalande ziwirizo panatsala khoma lopyapyala.

Nthawi anasankha yekha: m'mawa, mjigo uli pakati pa kulira, madzi akugwa ndi thovu, atadzaza mpweya.

"Kwatsala pang'ono, achimwene. Boolani inu, ulemu ukhale wanu. Ine ndikatenge chipanda choyamba."

Anapatuka. Mumtima ankadziuza kuti Chimera atsokomola n'kuthawa monga anachitira ana aja, anthu asamukire m'mbali, malo akhale ake popanda maliro. Ankayesa kuti mpweya ndi mchere, woti munthu n'kuthira mopima.

Nthawi yomweyo Namatsukwa anali akuimba nyimbo yake yofunsa za denga, ndipo a Pamwamba anavomera kuti n'lotseka. Sananame, chifukwa za ngalande sankazidziwa. Yankho lili m'kamwa mwawo, Chimera anaboola khoma.

Mpweya sunadonthe, unatsika ngati mtsinje. Chimera sanatsokomole n'komwe. Anauma ali chiimire, dzanja lili pakhoma. Pambuyo pake onyamula mankhusu anauma mmodzimmodzi, mzere wonse, aliyense ndi katundu wake pamutu. Namatsukwa ndi ochepa amene anali kutali anathawira mu mng'alu wa mwala n'kudzimatira momwemo.

Pondakuwiri anatsika ndi mpweyawo. Anapeza mbiya zodzaza, wozilondera palibe. Anamwa akupuma, anapuma akumwa, ananenepa, anagawika pawiri, panayi, pasanu n'patatu, mpaka malo onse a ofulula anadzaza Pondakuwiri yekhayekha. Masiku atatu anali mfumu.

Tsiku lachinayi mbiya zinauma. Anapita pa mulu wa madeya, analuma, dzino linaterereka. Analumanso. Kufulula kwake kuja kunali kwa zinthu zophwanyidwa kale ndi ena. Iye ankayesa kuti chakudya chinali m'malowo. Chinali m'manja mwa eni malowo.

Kumwamba njala inalowa.

"Chipanda chili kuti, Pondakuwiri?" anafunsa Wefuwefu.

"Ofulula ali pa maliro, akapitawo."

Aka kanali koyamba kumuuza zoona, ngakhale zinali zoona zodula mchira.

Wanjala sagawika, ndipo saluka ulimbo. Denga linayamba kupyapyala, ndipo m'mawa uliwonse madzi ankasenda m'mphepete mwa mudzi, banja lathunthu n'kupita nawo. Wefuwefu, ataonda, anatsata fungo la mpweya mpaka anapeza pakamwa pa ngalande. Anasuzumira, anaona mzere wa ouma aja. Anayesa kuponda m'mbali, anaterereka. Anaitanitsa Pondakuwiri.

"Mankhusu a kumtunda kuno anayala ndani? A Pansi safika kuno."



"Woyalayo ankadziwa kuti ife sitingakhalepo," anatero kapitawo. Anapuma kangapo asanapitirize. "Mlandu sindikuzenga, mphamvu zake ndilibe. Madzi atiweruza tonse pamodzi. Ngati kunsiko kwatsala wofulula, kamubweretse."

Kapitawoyo anayesa kaye kutuma anyamata ake kuti akatseke ngalandeyo ndi matupi awo. Ambiri anaterereka. Ochepa amene anakakamira anakhala bwino m'mawa, koma masana mjigo utaleka, madzi ataima, mpweya wa m'ngalandemo unatha, ndipo anawatulutsa atakomoka. M'mawa munali mpweya wopha wa Pansi, masana munalibe wosunga wa Pamwamba.

Pondakuwiri anapita ku mng'alu wa mwala. M'njira anakonza mabodza atatu, onse abwino: kuti mwala unasuntha wokha, kuti mayi wina anakhula mwalawo ndi chidendene, kuti wokumba anali Wefuwefu chifukwa cha nkhani ya chivindikiro ija.

"Odi, alamu."

Kenako mawu anatuluka mkatimo. "Alamu anga anafa tsiku limodzi ndi amuna anga. Ndinu ndani?"

"Pondakuwiri."

"Mwanenepa. Mawu akuchita kumveka."

"Tulukani mudzafulule. Mudzi ukutha."

"Kunjako kukununkha mpweya, mpaka muno tikumva. Ndikufunsani kamodzi kokha. Pamene munati aboole iwo, inu n'kupatuka, munkadziwa chimene chinali kuseri kwa khoma?"

Pondakuwiri anayang'ana mabodza ake atatu aja. Lililonse likanagwira, poti mboni zonse zinali zouma. Koma lililonse linkafuna kuti anene kuti Chimera anafa ndi tsoka, pamene iye anali ataona dzanja lija pakhoma.

"Ndinkadziwa," anatero. "Chotsekera sindinapange. Nthawi ndinasankha ndine, mjigo uli pakati pa kulira. Chimfine chija linali bodza langa, bwalo la gule linalinso langa. Ndinkafuna malo anu. Ndinkati atsokomola n'kuthawa."

"Sanatsokomole."

"Sanatsokomole."



"Sindikukhululukirani, ndipo musandipemphe," anatero Namatsukwa. "Koma muno ndili ndi ana, ndipo muno mulibe madeya. Tsekani chimene munatsegula."

"Sichitsekeka. Ulimbo sugwira pa mankhusu. Tinayala bwino kwambiri."

"Anayala bwino ndi amuna anga. Inu munangobwera ndi nzeru. Nzeru zomwezo zitseke."

Pondakuwiri anakakhala pansi pa ngalande n'kumaiyang'ana. Khoma silikanatheka. Wa Pamwamba sakanakhalamo, wa Pansi sakanakhalamo. Kenako anakumbukira kuti denga la mudziwo silinakhalepo khoma chiyambire. Linali pakamwa pa anthu. Ndipo m'mudzi monsemo munali mtundu umodzi wokha umene sufa ndi mpweya wa m'mawa, sukomoka ndi kusowa kwake masana, komanso umadziwa kugwira mankhusu chifukwa unawanyamula moyo wonse.

Anaitana ana ake onse, amene anali iye yemweyo wogawikagawika, n'kuwandanditsa m'ngalandemo kuchokera kumwamba mpaka pansi, aliyense kukamwa kuloza kumwamba. Iye anakhala pansi penipeni, pamene Chimera anaima.

M'mawa mjigo unalira, mpweya unalowa. Woyamba anameza, wopulumuka pamenepo anameza wachiwiri, wopulumuka kwa wachiwiri anameza wachitatu. Pofika kwa Pondakuwiri unali utatsala wochepa, ndipo anaumeza wonse. Ataona kuti nzeru yagwira, chizolowezi chinamugwira nayenso. Anatembenukira ku mng'alu kuti adzitame.

"Mwaona, ndinati ine..."

Pa mawu atatu amenewo kampweya kanadutsa pambali pa tsaya lake, ndipo mkati mwa mng'alu mwana anatsokomola. Pondakuwiri anabweza kukamwa kwake msanga. Anazindikira kuti pa malo amenewo munthu sangameze n'kumalankhulanso.

Tsiku lachiwiri sananene kanthu. Masana madzi ataima, iye ndi ana ake sanakomoke, anangokhala phee n'kumadikira m'mawa wina.

Tsiku lachitatu Namatsukwa anaboola pang'ono pakhomo pa mng'alu n'kununkhiza. Anatuluka. Anayambitsa nyimbo ija ndi mawu ouma, ochedwa kuposa kale, kufunsa ngati denga lili lotseka. Kutali kumwamba, a Pamwamba ochepa otsala anavomera mofooka kuti n'lotseka. Koma Namatsukwa sanayambe ntchito. Anawonjezera mzere wina umene kale kunalibe, wofunsa ngati ngalande nayo ili yotseka.

Palibe anavomera.

Anadikira. Ananunkhizanso, kumanja, kumanzere. Anayang'ana ana ake, palibe amene ankatsokomola. Ndipo anagwada n'kuyamba kuphwanya madeya.

Mudzi unachira, ngakhale sunachindikalenso ngati kale. Mowa unayamba kukwera ndi njira yokhota ya makolo, anthu akupatsirana chipanda dzanja ndi dzanja, chifukwa mthenga kunalibenso. Wefuwefu ananenepanso, anagawika, ndipo ana ake ankayesa kuti nyimbo ya m'mawa inali ndi mzere wosavomerawo chiyambire. Akafunsa kuti n'chifukwa chiyani funso lomaliza saliyankha, kapitawo ankati, "Limayankhidwa. Mezani mpweya, musiye mafunso."

Masana aliwonse, mjigo ukaleka kulira, pansi pa ngalande pamapezeka chipanda chodzaza theka. Wochisiyayo sapereka moni, ndipo dzina lija la alamu silinabwerere. Nthawi imeneyo mpweya umakhala kulibe, Pondakuwiri atha kulankhula ngati akufuna. Koma pa zimene ananena pakhomo pa mng'alu sanapezebe choti awonjezere. Amamwa, n'kubweza kukamwa kwake kumwamba.

Nthano yathera pamenepo. Mbatata ikapsa phulani mudye. Yangayo mungoisiya pakhomo, moni musavutike nawo.